Nkhoswe Yamwala ya ku Dikirani

Mu ufumu wa Ombanimmanja, kumene mwana amaphunzira kuwomba m'manja asanayambe kukwawa, muli katauni kotchedwa Dikirani. Dzinali silinabwere mwangozi. Anthu a kumeneko anadikira chipatala, anadikira msewu wa phula, anadikira magetsi mpaka mapolo amene boma linadzika anaphuka masamba n'kuyamba kupereka mthunzi. Chinthu chokha chimene sanadikire ndi mlatho, chifukwa umenewo makolo awo anadzimangira okha.

Mlathowo uli pa Namiza, mtsinje umene umang'amba tauniyo pakati, uku tsidya la kumsika, uko tsidya la kuphiri. Namiza si mtsinje wongopindira thalauza n'kulowamo. Kumtunda umadutsa m'chigwembe chakuya, ndipo kumunsi kumene umaoneka wofatsa ndi kumene ng'ona zimachitira misonkhano yawo. Kalekale anthu ogulitsa mchere wa kuseri kwa phiri, atatopa n'kudyetsa ng'onazo abulu awo, anasonkhana n'kuyamba kusema miyala. Analibe pepala kapena chingwe choyezera. Choyezera chawo chinali bulu. M'lifupi anayeza bulu mmodzi. Makoma a m'mbali anawalekezera m'mawondo kuti matumba a mchere olendewera uku ndi uku azidutsa pamwamba osakhula, ndipo pakati anapatukula ngati linunda la ng'ombe kuti madzi osefukira azidutsa pansi mwaulemu. Papita zaka zosawerengeka, ziboda za abulu zakumba kangalande pamiyalayo, koma mlathowo sunasunthe ngakhale pang'ono.

Vuto lake, kapena tinene kuti ubwino wake, ndi kuchepa. Anthu awiri sangadutsane pamenepo osagwirana m'mapewa. Mnyamata wa kuphiri akakumana ndi mtsikana wa kumsika pamwamba pa linundalo, njira zimakhala ziwiri: agwirane, kapena mmodzi akamwe madzi a Namiza. Ambiri amasankha kugwirana, ndipo ena salekananso. Theka la mabanja a ku Dikirani linayambira pamenepo, n'chifukwa chake palibe amene amautcha mlatho. Onse amangoti Nkhoswe.

A Yotamu Kanjedza, mmisiri wolemba mawu pa ziliza za kumanda, anali mmodzi mwa anthu ogwidwa pa Nkhoswe. Anabadwira kuphiri, koma tsiku lina a Nazimbiri a kumsika anawagwira m'mapewa atasenza dengu la mpiru, ndipo kuyambira pamenepo anakhala mkamwini tsidya la kumsika zaka makumi atatu ndi zinayi, n'kubereka ana asanu. Anali munthu wofatsa, ndipo kunena mosapsatira, wamantha. Ntchito yawo ankaikonda chifukwa anthu amene ankawalembera sankabweranso kudzadandaula. Choncho Lolemba lina m'mawa, asilikali awiri atafika kudzawauza kuti akufunidwa kumpanda kwa Mfumu, a Yotamu anayamba kupepesa asanamve n'komwe mlandu wake.

Mlandu panalibe, inali ntchito. Atafika kumpandako, anawakhazika pansi pafupi ndi khomo la bwalo la nduna n'kuwauza kuti adikire, chinthu chimene munthu wa ku Dikirani sachita kuphunzitsidwa. Kutsogolo kunakhala Mfumu Salakwa Wachitatu, imene Loweruka la sabata lomwelo inali kukwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ili pampando. Mfumuyo inali italonjeza dziko lonse kuti tsikulo idzatsegulira mlatho ku Dikirani. Mlatho wolonjezedwawo, wotchedwa Mlatho wa Masomphenya, unamangidwadi chakumunsi kwa Nkhoswe, ndipo unamangidwa katatu, pakuti amisiri a kumpanda anali ndi chizolowezi choti mchenga amangouonetsa thumba la simenti chapatali. Mvula ya sabata yathayo inali itaukokolola kachitatu, koma palibe amene anali atalimba mtima kukanena.

"Mlatho wanga uli bwanji?" inafunsa Mfumu.

Nduna ya Zomangamanga inaimirira. "Uli bwino kwambiri, Mwinidziko. Kungoti panopa uli paulendo. Wapita kukayendera anthu a madera a kumunsi."

"Ubwerako Loweruka lisanafike?"

"Sunatchule tsiku, Mwinidziko."

Apa m'pamene anadzuka a Fufutani, Nduna ya Zokumbukira ndi Zoiwala, bambo wa suti yonyezimira amene ntchito yawo inali kuuza dziko m'mawa uliwonse zimene zinachitika dzulo.

"Mwinidziko, wamkulu salakwa," anatero a Fufutani. "Munati Loweruka ku Dikirani kudzakhala mlatho, ndipo ine ndapita, ndauona ndi maso angawa. Ulipo. Ndi wamiyala, wolimba, womangidwa mwamakono zedi moti munthu wosaphunzira angaganize kuti ndi wakale. Chatsala n'kuupaka njereza ndi kudziwitsa anthu kuti mwamanga ndinu."

"Anthuwo sakuudziwa kale?"

"Akuudziwa molakwika, Mwinidziko. Tiwakonza."

Nduna zonse zinawomba m'manja. A Yotamu nawo anawomba, mpaka anazindikira kuti ena onse asiya kale, atsala okha. Kenako anawapatsa pepala la mawu oti aseme pamwala wa chikumbutso: MLATHO UNO ANAMANGA NDI MFUMU SALAKWA WACHITATU, KULUMIKIZA ANTHU AMENE CHILENGEDWERE DZIKO SANAONANEPO. Anawerenga kawiri. Anafuna kufunsa ngati pansi pake awonjezerepo zoti uuse mumtendere monga mwa masiku onse, koma funsolo analimeza pamodzi ndi malovu.

Lachiwiri m'mawa a Fufutani anafika pamsika wa Dikirani, nakwera pamwamba pa lole, chimkuzamawu chili kukamwa.

"Tamverani lamulo la Mfumu! Kuyambira lero mpaka Loweruka, pa Namiza palibe mlatho, ndipo sipanakhalepo mlatho. Aliyense wopezeka akukumbukira kuti anawolokapo adzatumizidwa ku ndende ya Khalachete kuti akakumbukire bwino."

Anthu anawomba m'manja monga analeredwera. Atatha kuwomba, mayi wina amene anatsika kuphiri m'mawa womwewo ndi nthochi zogulitsa anaweramira dengu lake. "Nthochi inu, kani munachita kuuluka? Osandiuzako ine mwini wake bwanji?"

"Ine ndimadabwa kale kuti apongozi anga amafika bwanji kuno tsiku ndi tsiku," anatero wogulitsa nyama akunola mpeni. "Tsopano boma latsimikiza zimene ndinkaganiza."

Telala wina anafunsa mwaulemu za mkuyu umene unamera m'munsi mwa mlathowo, mizu yake italowerera m'miyala, thunthu lake loti anthu atatu sangalikumbatire. A Fufutani anati umenewo ndi umboni wa chitukuko, mu ulamuliro uno mitengo sichedwa kukula. Nanga kangalande ka ziboda kaja? Anati amisiri a Mfumu anachita kusema dala kuti abulu asavutike kuyamba okha. Abuluwo ndiye palibe anawawerengera lamulo. Anapitiriza kuwoloka monga mwa kale, ndipo asilikali olondera analemba m'buku mwawo kuti masana onse kwaoneka abulu akuyenda m'malere.

Masana omwewo a Fufutani anatenga a Yotamu kupita pa mlatho umene kunalibewo kuti akaone poika mwala. Anthu opaka njereza anali kalikiliki. Ndunayo inakwera mpaka pamwamba pa linunda, n'kuloza ndi ndodo yake. "Mwala ukhale apa."

Mtima wa a Yotamu unasungunuka, pakuti malowo ankawadziwa kuposa khonde la nyumba yawo.

"Mwasankha bwino, bwana," anatero akumwetulira. "Pomwepa ndi pamene mayi a kunyumba anandigwirira m'mapewa. Mpiru wawo wonse unagwera m'madzi, mpaka lero amandikumbutsabe."

"Zinachitika liti zimenezo, a Kanjedza?"

"Papita zaka makumi atatu ndi zi..."

Anaima pomwepo, koma mawu akatuluka sabwezedwa m'kamwa. Opaka njereza onse anayamba kuyang'anitsitsa mabulashi awo ngati sanawaonepo.

Mlandu unalowa Lachitatu m'mawa pamaso pa woweruza a Tsatamphepo, munthu wodziwa malamulo kwambiri moti chigamulo ankachidziwa asanamve mlandu. Tauni yonse inabwera. A Nazimbiri anakhala kutsogolo pamkeka, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, manja ali pamiyendo.

"Kanjedza, akuti munawoloka pa mlatho zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo," anayamba a Tsatamphepo. "Munawolokadi?"

A Yotamu anaganiza za ku Khalachete, kumene amati munthu amalowa ndi mano n'kutuluka ndi nkhama zokhazokha.

"Ayi, bwana. Lilime linangoterereka. Mlatho kunalibe."

"Ndiye munawoloka bwanji? Munasambira?"

Bwalo lonse linaseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti a Yotamu amaopa ngakhale madzi a m'beseni.

"Sindinawoloke, bwana."

"Ngati simunawoloke, mayi akhala apawa munakumana nawo kuti?"

"Si... sitinakumane, bwana."

"Ndiye ndi ndani wanu?"

Kuseka kuja kunatha. A Yotamu anacheuka. A Nazimbiri ankawayang'ana mosakwiya ndi mosaopa, ngati munthu amene yankho akulidziwa kale ndipo akungodikira kuti ena alimve. Kumbuyo kwa woweruza kunaima msilikali akuseweretsa unyolo m'manja.

"Sindikuwadziwa, bwana."

Mawuwo anatuluka motsitsa, koma anamveka mpaka kwa anthu oima panja. A Nazimbiri sanalire. Anadzuka, napinda mkeka wawo bwinobwino, naugwira m'khwapa.

"Zikomo, bwana woweruza, mwandithandiza," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira mlendo. Ndinkati mwina tsiku lina anena dzina lake."

Anatuluka osacheuka, ndipo anthu anawapatukira.

A Tsatamphepo anasangalala ndi nzeru zawo moti sanafune kuti zithere pa munthu mmodzi. Anati aliyense amadziwa kuti ukwati wopanda nkhoswe si ukwati. Tsono popeza Nkhoswe kunalibe, maukwati onse a pakati pa matsidya awiriwa kunalibenso, ana obadwamo ndi ana a mphepo, ndipo mkamwini aliyense abwerere tsidya limene anabadwira dzuwa lisanapendeke. Kalaliki wa khoti anafunsa monong'ona kuti abwerera podzera pati. Anagwirizana kuti asilikali awawolotse atayang'ana kumwamba, kuti wina asaone chimene akupondapo. Choncho akamwini a kumsika ananyamuka ndi mphasa ndi makasu awo kulowera kuphiri, a kuphiri nawo kulowera kumsika, ndipo atakumana pamwamba pa linunda anachita kugwirana m'mapewa, madoda a imvi zawo, maso ali kumitambo. M'buku la boma munalembedwa kuti amuna makumi asanu ndi awiri angopezeka ali tsidya lina.

Kwawo kumene anabadwirako sanawalandire ndi nthungululu. Alongo awo anati nyumba n'zodzaza, ndipo mwambo ndi wodziwika, mwamuna wosakwatira amagona kumphala. Nyumba yakale yosungiramo mchere inasanduka mphala ya nkhalamba, yodzaza nyamakazi ndi chifuwa. Kukacha onse ankatsikira m'mbali mwa chigwembe kukafuulira akazi awo tsidya linalo.

"Mayi a Filipo! Mankhwala anga a shuga munaika pati?"

"Ndinu ndani, bambo inu? Ine ndine namwali, musandiwonongere mbiri!"

"Make Dolika! Mbuzi mwazimasula?"

"Mbuzi zili bwino, zanenepa chichokereni inu!"

Amayi a kumsika ankabwera ndi mipando yawo kudzacheza ndi kuseka, ngati kuli gule. Koma a Nazimbiri sanabwere. A Yotamu ankakhala pansi pa mkuyu ndi mwala wa chikumbutso uja, kugogoda chilembo chimodzi n'kukweza maso, kugogoda china n'kukwezanso maso, osaona duku lobiriwira la a Nazimbiri limene ankalifuna. Anzawo analekanitsidwa ndi lamulo, ndipo lamulo munthu amatha kuliseka. Koma a Yotamu anadzilekanitsa ndi pakamwa pawo. Ankadziwa kuti Loweruka mlatho ukatsegulidwa, amuna ena onse adzawoloka n'kukafunsira akazi awo kachiwiri, mwina akazi adzachita matama pang'ono kenako n'kuvomera. Koma munthu amene unamukana pamaso pa tauni yonse ukamufunsira ndi nkhope iti? Manyazi anawagwira, ndipo anazindikira mochedwa kuti mayi ameneyu amamukonda kwambiri kuposa mano awo amene anawapulumutsa aja.

Lachisanu masana anabwera kudzakhala nawo pamthunzi a Sitolo Mwandira, mkulu wa mphala yonse, amene paunyamata wawo ankayendetsa abulu a mchere. Anali akung'ung'udza chifukwa fodya wawo wa m'mphuno anatsalira tsidya linalo.

"Dziko ili!" anatero a Sitolo. "Ine ndi mnzanga Kabudula tinkawoloka pamenepa kawiri pa tsiku. Iye ndiye anachita mwayi, anagwirana m'mapewa ndi mlongo wake wa mfumu yakale ija, atabwera kudzasankha mchere. Basi, anasiya abulu n'kukakhala mkamwini kumpanda. Lero mwana wake akuti mlatho kunalibe."

Nyundo ya a Yotamu inaima m'malere. Ku Ombanimmanja ufumu umatsata kuchikazi, munthu amalowa m'malo mwa amalume ake, choncho bambo ake a mfumu sakumbukiridwa kawirikawiri. Koma mmisiri wa ziliza saiwala chimene dzanja lake linasema. Zaka makumi awiri zapitazo anawaitana kumanda a kumpanda kukalemba chiliza cha a Kabudula, ndipo malemuwo anali atasiya mawu oti palembedwe kumene anabadwira. A Yotamu ankakumbukira chilembo chilichonse.

Tsiku limenelo sanadye. Anamaliza mwala wa Mfumu, ndipo kasanu konse anadziuza kuti nzeru imene yawabwererayo ndi yopusa, aisiye. Kachisanu ndi chimodzi anakumbukira mmene a Nazimbiri anapindira mkeka uja.

Loweruka Nkhoswe inali mbee ngati dzino la mwana. Mbendera zinali petupetu, ng'oma zikulira, anthu atadzaza matsidya onse awiri. Galimoto la Mfumu linafika pamlatho n'kuima, chifukwa ngakhale theka lake silikanalowa. Anayesa machila, koma onyamula anayi sakanakwana. Pomaliza Mfumu Salakwa Wachitatu inatsika, n'kudula riboni, n'kukwinya mkanjo wake, n'kuwoloka wapansi mapazi ali m'kangalande ka abulu, pakuti pamenepo palibenso pena poponda. A Fufutani analengeza kuti Mfumu yasankha kuyenda pansi chifukwa cha kudzichepetsa.

Tsidya la kuphiri Mfumu inayenera kulonjera anthu atsopano amene inawatulukira. Popeza anthu osaonekapo chilengedwere dziko sangayankhule chilankhulo chathu, a Fufutani anali atabwera ndi womasulira wochokera kumpanda.

"Muli bwanji nonse?" inafunsa Mfumu pa maikolofoni.

"Akuti muli bwanji nonse," anamasulira womasulira.

"Tili bwino, kaya inu, Mwinidziko!"

"Akuti ali bwino, kaya inu, Mwinidziko."

Mfumu inagwedeza mutu mokondwa. "Chilankhulo chawo n'chosavuta. Ndayamba kale kutolako mawu ena."

Kenako anaitana mmisiri kuti avundukule mwala wa chikumbutso. A Yotamu anayandikira, nachotsa nsalu, anthu nawomba m'manja. Apa anayenera kubwerera chafutambuyo n'kukasowa m'khamu. M'malo mwake anagwada, ndipo maikolofoni inali pafupi ndi pakamwa pawo.

"Mwinidziko, pepani, ndili ndi kafunso ka ntchito chabe."

"Akuti ali ndi kafunso ka ntchito chabe," anatero womasulira.

"Afunse," inatero Mfumu, imene tsikulo inali yokoma mtima.

"Ine ndi amene ndinalemba chiliza cha malemu bambo anu. Pamenepo ndinasema kuti anabadwira ku Dikirani, tsidya lino la kuphiri. Tsono khoti linagamula Lachitatu kuti mlatho kunalibe, ndiye kuti malemuwo sanawoloke. Ngati sanawoloke, sanakumane ndi mayi anu. Ine sindifuna kusiya bodza pamanda a kumpanda, Mwinidziko. Ndiye ndimati mundiuze, ndikafufute mzere wa kobadwira wokha, kapena ndi wa pansi uja wonena kuti anasiya mwana mmodzi wamwamuna?"

Ng'oma zinasiya zokha. Womasulira anatembenukira kwa Mfumu. "Mwinidziko, mawu amenewa m'chilankhulo chathu mulibe."

A Yotamu anaona kuti poti ayamba kale kufa, bola afe atamaliza. Anakweza dzanja n'kuloza tsidya la kumsika, kumene pakati pa khamu la amayi panali duku lobiriwira.

"Komanso, Mwinidziko, mayi aima apowo ndi akazi anga. Dzina lawo ndi Nazimbiri. Ndikuwadziwa. Ndinawolokera pompano, ndipo mpiru wawo unagwera m'madzi."

Mfumu inayang'ana mlatho, inayang'ana a Tsatamphepo amene anali atayamba kubisala kumbuyo kwa mbendera, kenako inatembenukira kwa a Fufutani ndi maso ofunsa ngati ilipo kapena kulibe. Thukuta linali kamukamu pankhope ya ndunayo. Koma munthu sakhala Nduna ya Zokumbukira ndi Zoiwala zaka khumi popanda chifukwa. A Fufutani analanda maikolofoni n'kuseka mokweza.

"Mwinidziko, mmisiriyu watiphangira! Waulula chinsinsi chimene tinasungira kumapeto kwa mwambo uno. Anthu inu, tamverani! Mlathowu anamangadi ndi Mfumu yathu. Koma chifukwa cha masomphenya ake, inaumanga isanabadwe, kuti bambo ake apeze powolokera!"

Nkhope ya Mfumu inawala pang'onopang'ono ngati nyali yoikamo mafuta. "Eya, ndakumbukira," inatero. "Inali ntchito yovuta kwambiri."

Kuwomba m'manja kumene kunatsatira kunathamangitsa mbalame zonse mumkuyu. A Tsatamphepo anatulukira kuseri kwa mbendera n'kugamula pomwepo kuti popeza mlatho wa Mfumu wakhalapo kuyambira kale, maukwati onse a pa Nkhoswe ndi ovomerezeka, ana onse ali ndi makolo, ndipo aliyense wonena kuti mlatho kunalibe adzatumizidwa ku Khalachete. Anawonjezera kuti Kanjedza, amene ananamiza khoti Lachitatu kuti mlatho kunalibe, wakhululukidwa chifukwa cha chisangalalo cha tsikuli.

Mfumu itangochoka, nkhalamba za kumphala zinakhamukira pamlatho ndi mphasa zawo, zina kuiwala ndodo zoyendera. A Yotamu okha anatsala, chifukwa anawalamula kuti asachoke asanawonjezere pamwala mawu akuti ASANABADWE. Malo anali ochepa, zilembo zinachita kupanikizana, koma zinakwana. Pamene ankawoloka, dzuwa linali litayamba kupendeka, ndipo anthu m'njira ankawagwira chanza, ena kuwatcha ngwazi. Mtima wawo sunali pamenepo.

Anapeza a Nazimbiri atakhala pamkeka pakhonde, akusadzula nkhwani. A Yotamu anaima pabwalo pa nyumba imene anaifolera okha kasanu ndi kawiri, navula chipewa.

"Odi."

"Odini," anayankha a Nazimbiri osakweza mutu. "Tikuthandizeni?"

"Mayi a Tiyese, Mfumu yalamula kuti ukwati wathu ulipo."

"Ine sindinakwatiwe ndi lamulo, bambo. Lamulo litachotsa ukwati sindinamve kuwawa, ndipo lero laubweza sindikumva kukoma. Chimene chinandilasa ine chinatuluka pakamwa pa munthu."

"Koma zimene ndanena lero munazimva?"

"Ndamva bambo wina wolimba mtima akuyankhula pa maikolofoni, mpaka Mfumu kusowa chonena. Anthu akuti ndi ngwazi. Ameneyo ine sindikumudziwa, sanagonepo m'nyumba muno." Apa anakweza maso. "Inuyo ndinu ndani?"

A Yotamu anapotokola chipewa chija m'manja. M'njira monse anakonza mawu okoma, koma onse anathawa, n'kutsala oona okha.

"Ndine Yotamu," anatero. "Wamantha uja. Amene anakukanani Lachitatu chifukwa choopa unyolo. Lero ndimaopanso, mwina kuposa Lachitatu, ndipo mpaka pano mawondo sanasiye kunjenjemera. Kungoti kukhala opanda inu kunandiopsa kwambiri kuposa Khalachete."

A Nazimbiri anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumawondo, amene ankanjenjemeradi moonekera m'thalauza. Misozi inalengeza m'maso mwawo, koma milomo inayamba kugwedera ngati ya munthu amene akulimbana ndi phwete. Anasendera kumapeto kwa mkeka, nakankhira mulu wa nkhwani pamalo amene anasiyawo.

"Ameneyo ndiye ndikumudziwa," anatero. "Khalani pansi musanagwe."